Kapampu ka Tsabola

Anawauza, ndipo sanawauze kamodzi. Tsiku limene Azakhali anaponya zithunzi za tauni ya kuphiri ija pagulu la pafoni la banja lawo, make Tsabola analemba pansi pake pomwepo kuti kumaloko n'kozizira, ndipo mwana wa mphumu sagwirizana ndi chisanu, utsi, ngakhale zofunda zachinyontho. Anawonjezera kuti amenewa sanali maganizo ake ayi, anali mawu a namwino amene amamuona mwanayo kuchipatala. Kenako panabwera tinkhope toseka, ndi mawu a Azakhali pambuyo pake: "Anesi athu ayambapo. Alamu, mphepo ya kuphiri ndi mankhwala payokha. Anthu amachita kuwoloka nyanja kuti akangoipuma."

Azakhaliwo anali mlongo wamkulu wa mwamuna wake. Ndiwo analera azichimwene awo onse makolo atamwalira, ndipo m'banjamo mawu awo sankabwezedwa. Ngakhale amuna a ndevu zawo, akaitanidwa ankaimirira kaye kenako n'kufunsa kuti kwagwanji.

Masabata otsatirawo, Lamlungu lililonse madzulo ankakumana pabalaza pa Azakhali kukonza za ulendowo. Ena ankakangana za mathithi, ena za mahatchi, ana ankalumpha pamipando. Make Tsabola ankakhala kumapeto kwa sofa, foni kumaso, akukulitsa zithunzi za nyumba yogona alendo imene anaisankha. Anzake ankaona moto wokongola m'chipupa ndi mawindo oyang'ana kuchigwa. Iye ankaona kudetsedwa kwa mwaye pamwamba pa chipupacho, kapeti yaubweya, ndi kabanga kakuda pakona ya denga.

"Ichi si chinyontho ichi?" anafunsa tsiku lina, akuloza.

"Ndi mthunzi," mwamuna wake anayankha osayang'ana n'komwe. "Mayi a Tsabola, tchuthi n'chopumira. Inu mukufuna kukayendera nyumba za eni ake ngati a zaumoyo?"

Onse anaseka. Tsabola naye anaseka, osadziwa choseketsa. Anali kamtsikana ka ku mkaka, kosachedwa kupsa mtima, ndipo dzinalo anamupatsa ndi Azakhali omwewo. Chimene make ankachidziwa, chomwe enawo anangochimva pafoni, chinali usiku uja mwanayo anabanika mpaka milomo kusintha mtundu, nthiti zikulowa m'kati ngati wina akuzikoka ndi chingwe. Kuchokera tsiku limenelo, kapampu kabuluu kopopera mankhwala m'kamwa sikankachoka m'chikwama chake cha m'manja.

Pa ulendowu anakonza tiwiri. Kena anakasiya m'chikwama cha m'manja monga mwa masiku onse, kena katsopano anakakulunga m'sokosi n'kukabisa m'sutikesi, pakati pa majuzi a mwanayo.

Koma banjali linali ndi kachitidwe kake. Ulendo uliwonse, katundu yense ankayenera kufika kwa Azakhali dzulo lake, kuti iwo amulongedzenso mwa nzeru zawo, akwane m'magalimoto. Ndipo ana onse ankakwera galimoto ya Azakhali, kuti aziimba limodzi. M'mawa wa tsiku lonyamuka, masutikesi anali atapanikizidwa kale kumbuyo, pamwamba pake pali mabulangete ndi mabotolo a madzi.

"Tsabola akwera ndi ife," anatero make, mawu ali pansi.

"Kuti azikamvera nkhani za akuluakulu? Bwera kuno iwe, anzako akukudikira." Azakhali anatambasula dzanja. "Ndipatseni kachipangizo kanu kaja, alamu. Mwana ali kwa ine, nako kakhale kwa ine. Ndalera anthu ine, uyu mwamuna wanuyu ndinkamupukuta mamina."

Make Tsabola anayang'ana mwamuna wake. Mwamunayo anali kalikiliki kupukuta galasi loyera kale. Ndiye mayiyo anatsegula chikwama n'kupereka kapampuko.

"Akabanika ndiye mumupopere. Akabanika basi."

"Tamva, Anesi."

Msewu unayamba bwino, kenako unayamba kukwera mokhotakhota. Make Tsabola maso anali pagalimoto ya kutsogolo, pomwe kamutu ka mwana wake kankaoneka pagalasi la kumbuyo, n'kusowa, n'kuonekanso. Pa malo ena lole yonyamula matabwa inalowa pakati pawo, ndipo pomwe ankaipitirira, galimoto ya Azakhali inali itapita. Anayesa kuimba, koma netiweki inali itathawa. Anatsitsa galasi, n'kulikwezanso. Makutu anatsekeka. Anasintha kakhalidwe, anavula nsapato, anazivalanso.

"Mukundichititsa chizungulire," anatero mwamuna wake. "Tsegulani wailesi."

Anafika dzuwa litapendeka. Tauniyo inali msewu umodzi wokwera, mbali zonse kuli timashopu togulitsa zipewa zaubweya, ziboliboli ndi makapu ojambulidwa phiri lomwelo. Mahatchi owonda ankaima pamzere, ataphimbidwa mabulangete, eni ake akuitanira. Alendo a makabudula ankajambulana pakati pa msewu osasamala za hutala. Denga lililonse linkafuka utsi wa nkhuni, ndipo utsiwo sunkakwera, unkangoyandama pamitu ya anthu.

Kunyumba yogona ija anapeza moto ukuyaka kale. Tsabola anamuthamangira, masaya ali gwaa ndi kuzizira, akusimba za hatchi yoyera imene inamuyang'ana. Make anamukumbatira, n'kupita kwa Azakhali.

"Kapampu kaja, alamu."

Atakalandira, dzanja lake linadziwa mutu usanadziwe. Kanali kopepuka. Anakagwedeza pafupi ndi khutu, osamva kanthu. Anakadina m'mwamba, kanangoti fyuu mofooka, ndipo atadinanso sikanatulutse chilichonse.

"Kagwira ntchito kameneko," Azakhali anatero monyadira, akuvula mpango. "Fumbi la mumsewu lija, mwana amangoti khosokhoso. Akangotsokomola, ine psii. Akangotsokomola, psii. Wafika bwinobwino, simukumuona?"

"Konseka?"

"Anzakewanso anati tilaweko. Ndikanatani, mwana mmodzi azilandira yekha enawa akuyang'ana? Analira mpaka ndinawapatsa pang'onopang'ono. Wamng'onoyu ndiye anakatenga n'kumapopera mawindo, ati akupha udzudzu."

Pabalaza panamveka kuseka. Make Tsabola analowa kuchipinda, anagwada pa kapeti, n'kutsegula sutikesi. Zovala zinali zitapindidwa mwa mtundu wina, mwaudongo kuposa mmene iye anazisiyira. Anatulutsa majuzi limodzilimodzi, anakutumula masokosi onse, anapisa m'matumba a m'mbali. Kenako anakhuthulira zonse pabedi n'kuyambiranso.

"Mukufuna kena kaja?" Azakhali anali ataima pakhomo. "Ndinakasiya pamwamba pa firiji kunyumba. Zinthu ziwiriziwiri ngati tikusamuka. Ndinachotsanso tochi yachiwiri ndi ambulera. Mukakapeza tikabwerera, sikathawa."

Make Tsabola anavala juzi n'kutuluka osauza munthu. Sitolo ya mankhwala anaipeza pakati pa malo omwera khofi ndi shopu ya zipewa. M'mashelefu munali mafuta odzola poteteza khungu kudzuwa, mabandeji a matuza, ndi mapilitsi a anthu osanza m'galimoto. Anaika kapampu kopanda kanthu kaja patebulo.

"Kotere muli nako?"

Wogulitsayo, mayi wa magalasi, anakatembenuza m'manja. "Tinali nato, tinatha. Kuno timatha msanga timeneti, alendo ambiri amabwera osadziwa kuti mphepo yathu ndi yotani. Galimoto ya katundu imabwera m'kati mwa sabata."

"Nanga chipatala?"

"Kachipatala kathu n'ako kuseri kwa positi, koma kumapeto kwa sabata amatseka. Chachikulu chili kumusi, mukangomaliza kutsika phiri. Ndi mwana?"

"Ndi mwana."

"Wayamba?"

"Ayi. Sanayambe."

"Musamugoneke pafupi ndi moto," anatero mayiyo, akumubwezera kapampuko.

Anapitabe kukachipatalako, kuti adzionere yekha. Pageti panali loko, ndipo galu ankagona pakhonde. Pobwerera, chifunga chinali chitayamba kutsika. Chinameza kaye nsonga za mitengo, kenako madenga, kenako mahatchi aja, mpaka anangomva ziboda zawo zikudutsa pambali pake osawaona.

Kunyumba anapeza onse atazungulira moto, akukonza za mawa. Azakhali ankafuna kuti ayambe ndi mathithi kunja kukadali kozizira, anthu asanachuluke. Mwamuna wake ankati mahatchi kaye, chifukwa ana sangagone akapanda kulonjezedwa. Nkhuni zinali zaziwisi, ndipo utsi wina unkabwerera m'nyumba. Tsabola anali pa kapeti, akukwera pilo ngati hatchi.

Make anamunyamula.

"Ndisiyeni, amayi, hatchi yanga ithawa."

"Ima kaye. Puma kwambiri."

Anaika khutu pamsana pa mwanayo. Poyamba anangomva mtima ukuthamanga ndi masewera. Kenako, kumapeto kwa mpweya wotuluka, anamva kamluzu kakang'ono, kowonda ngati ulusi. Ankakadziwa. Usiku uja nawonso unayamba chomwecho.

Anapita naye kuchipinda cha kumapeto, chotalikirana ndi moto, n'kukodola mwamuna wake kuti amutsatire.

"Tamverani."

"Mayi a Tsabola, inu mumamva zimene mukufuna kumva."

"Ikani khutu apa. Mukapanda kumva, ndikhala chete mpaka tibwerere kwathu."

Mwamunayo anawerama monyinyirika. Anakhala choweramacho nthawi yaitali kuposa mmene ankafunira. Atadzuka, nkhope inali itasintha, koma maso anapita kukhomo, komwe kunkachokera mawu a mlongo wake.

"Ndi pang'ono," anatero. "Tione mawa mmene adzukire. Achemwali avutikira ulendowu miyezi yonseyi. Tikangofika lero n'kuyamba zoti tikubwerera, aziti tikuwaimba mlandu."

"Ine sindikuimba munthu mlandu. Ndinapereka ndekha ndi dzanja langali."

"Ndiye tidikire."

Make Tsabola anamusiyira mwanayo n'kupita kukhitchini kukapempha madzi ofunda. Mwini nyumbayo, mayi wachikulire wovala majuzi awiri, ankatsuka makapu. Make Tsabola anamufunsa ngati munthu angathe kutsika phirilo panthawiyo.

"Panopa? Mwana wanga, simungaone ngakhale boneti ya galimoto yanu. Makona aja alibe chotchinga. Akuno enieni sayerekeza."

"Chifungachi chimachoka nthawi yanji?"

"Chimang'ambika kukatsala pang'ono kucha. Mukamva galimoto ya buledi ikulira pokwera apa, dziwani kuti msewu watseguka. Koma sichichedwa kubwerera. Dzuwa likangotuluka chimatsekanso, nthawi zina mpaka masana, nthawi zina tsiku lonse." Anamuyang'ana bwino. "Ndi kamtsikana kaja? Ndinakamva kakutsokomola. Zinthu zikavuta musanaone mpata, mundigogodere, chipinda changa ndi ichi."

Anabwerera ndi kapu ya madzi. Anachotsa pabedi mabulangete a m'nyumbamo onunkha m'kabati, n'kufunditsa mwanayo majuzi a kunyumba. Anamuunjikira mapilo kumsana kuti agone chokhala. Pansi pa chitseko anatsekapo ndi thaulo kuti utsi usalowe. Tsabola anamwa madziwo, maso akulemera.

"Amayi, mawa ndikwera yoyera ija?"

"Gona kaye."

Kubalaza, Azakhali ankaitana. "Anesi, bwerani tigwirizane. Mathithi kapena mahatchi? Kapena mukuyeza kaye kutentha kwa mabedi?"

Make Tsabola anayamba kubwezera zovala m'sutikesi, osazipinda. Kenako anapisa m'thumba la jekete la mwamuna wake, lomwe linali pamsomali kuseri kwa chitseko, n'kutulutsa makiyi a galimoto.

"Mukutani?"

"Galimoto ya buledi ikangolira, ine ndi mwanayu tikutsika. Tikachedwa, chifunga chititsekeranso tsiku lonse, ndipo ine ndilibe chomupatsa."

"Inu simunayendetsepo m'phiri. Pamsewu woongoka pomwe mumagwira chiwongolero ngati chikuthawani."

"Ndiye mudzuke muyendetse ndinu."

Mwamunayo anakhala pamphepete pa bedi, akusisita maondo. Kuchokera pamapilo paja, kamluzu kaja kanamvekanso, tsopano popanda kuika khutu. Onse awiri anamvetsera mpaka mwanayo atapumanso.

"Nanga achemwali tiwauza chiyani?"

"Muwauze zimene mwamva ndi khutu lanu. Akakwiya, akwiye. Adzandiseka pagulu paja mpaka chaka chamawa, ndipo ine ndidzakhala ndikuwerenga."

Anakokera sutikesi pafupi ndi chitseko. Pambali pake anaikapo tinsapato ta Tsabola ndi nsapato zake. Anaima pang'ono, kenako anawerama, anatenga za mwamuna wake kunsi kwa bedi, n'kuziika pamzere womwewo. Mwamunayo anaziyang'ana, osazichotsa.

Iye anakokera mpando pakati pa bedi ndi windo, n'kukhala pansi osavula juzi, makiyi ali m'manja. Khutu lina linali kwa mwana, lina kumsewu.