Paketi Yobiriwira pa Pampu

Liao Pei-shan anatha zaka zinayi pa yunivesite ya mumzinda wa Hsinchu akukankha madzi. Chipangizo chake chinali kagalasi konga chikhadabo, m'kati mwake muli timipata topyapyala kuposa tsitsi. Pampu ikakankhiramo madzi oyera, madziwo ankakokolola timagetsi m'mbali mwa timipatato, manambala n'kukwera pa kompyuta. Magetsi ake sakanayatsa ngakhale babu, koma digiri yake yonse inagona pamenepo.

Tsiku loti omuyesa abwere kudzaona ndi maso, manambala anangoti zii pa ziro. Kunatsala ola limodzi. Kulephera kunatanthauza chaka china chathunthu, chonsecho mayi ake anali atalengeza kale kumsika kuti mwana wawo watsiriza. Mantha anamugwira ndithu.

Kuo Chih-wei, wophunzira mnzake wamkulu m'chipinda chawo chofufuziramo, sanataye nthawi ndi mawaya. Analunjika pa pampu, pomwe panali paketi yobiriwira ya tokukuta ta ana, ya mtundu umene anthu a kumeneko amaika pa makina kuti asachite makani. Malamulo ake ndi odziwika: ikhale yobiriwira, yosatsegula, yosapitirira tsiku.

"Achemwali, iyitu tsiku lake linatha Lachiwiri," anatero. "Mukufuna makina akumvereni mukuwadyetsa zowola?"

Pei-shan anamuuza kuti nthabwala akachitire kwawo. Koma poti zinali zitafika pa mwana wakana phala, ananyamula paketiyo kuti akataye. Pansi pake, m'kapaipi komwe inaphimba, munali kathovu ka mpweya konga njere ya mpunga, katatseka njira. Anakagogoda ndi chala mpaka kanatuluka, ndipo manambala anayamba kukwera. Anaseka mpaka misozi.

Pomwepo analowa Aphunzitsi Tseng, mwini chipindacho, munthu amene ankanyoza mwambowu pamsonkhano uliwonse kuti ndi zamanyazi kwa anthu ophunzira. Atamva nkhaniyo ananena monyada kuti vuto linali mpweya, osati matsenga. Chih-wei anafunsa mwaulemu ngati munthu akanasuzumira pamenepo popanda paketi.

Nsapato za omuyesa zinamveka m'khonde. Aphunzitsi anatsegula chikwama chawo msangamsanga, natulutsa paketi yobiriwira yatsopano. Anawerenga tsiku lake kawiri, n'kuikhazika pa pampu, kutali ndi kapaipi kaja.

"Musandiyang'ane choncho," anatero, akukonza tayi, kenako n'kutembenukira kwa Pei-shan. "Ndakhala ndikuyenda nayo sabata yonse chifukwa cha iwe, mwana wanga."