Mzere Wofiira pa Njinga ya Nobert

Tsiku limene Nobert anafika ndi njinga yamoto yatsopano pakomboni ya famu ya fodya ku Tengwe, anthu onse anatuluka kukaigwiragwira. Agogo ake okha, a Keziya, ndi amene analowa m'nyumba n'kudzitsekera. Njinga yamoto si chinthu choilulutira ayi. Kondanani, mwana wawo, bambo ake a Nobert yemweyo, anakwera yobwereka Loweruka lina kupita ku Karoi, ndipo chimene chinayamba kufika pakhomo ndi nsapato yake imodzi.

M'mawa mwake anamutsatira mdzukulu wawoyo kushedi ya mathirakitala, kumene a Christmas, makaniko wa pafamupo, ankamulangiza.

"Tamvera, mufana. Injini yatsopano ndi khanda la m'chikuta, zitsulo zake sizinazolowerane. Makilomita chikwi oyambawa usaikwapule. Singano iyi isadutse apa. Ukayenda ola limodzi, uime ipume. Pena kweza pang'ono, pena tsitsa, isamangolira mawu amodzimodzi. Ikafika theka ubwere nayo tidzataye oyilo."

Manambala a Keziya sankawadziwa, koma za makanda panalibe wowaphunzitsa.

"Chongani pamene mwalozapo, a Christmas, ndipaone ndi maso angawa."

A Christmas anaviika kamtengo ka machesi m'chitini cha penti yofiira, n'kujambula kamzere pagalasi la singano.

"Chabwino," anatero agogowo. "Koma mnyamata uyu mukumudziwa? Akangokhota pamabani a fodya apo, mawu anu onsewa awasiya m'fumbi. Kumbuyoko ndizikwera ndine."

Nobert anaseka mpaka kugwira mawondo. "Inu, Agogo? Inu amene mumathawa wilibala? Komanso akuti isamanyamule zolemera."

"Amenewa?" anatero a Christmas. "Ndi tsamba la fodya louma. Ungowamanga bwino mphepo ingawatenge."

"Sekani, sekani. Uyu ndi mwamuna wanga, sindifuna umasiye wachiwiri."

Ulendo woyamba anauyenda atatsinzina, akuitana Yesu ndi amayi awo omwe anatsikira kale kulichete ku Dedza. Kenaka anakumbukira kuti wotsinzina saona mzere. Anatsegula maso, n'kutsamiza chibwano paphewa la Nobert, chipewa cholimba cha panjinga chili pamwamba pa duku. Singano itangonunkhiza pofiira paja, anam'tsina m'nthiti za kumanzere.

"Mayo! Sinafike, Agogo!"

"Imafuna. Ndaiona maganizo ake."

Kuyambira pamenepo kulikonse kumene mudhudhudhu unkapita, monga ankaitchulira anthu a pakomboni, a Keziya anali kumbuyo. Kuchigayo, kutchalitchi, kukagula mankhwala a mbande. Pakamwa sipankatsekeka. Samala mchenga wa pamlatho, umaoneka wogona koma uli maso. Samala ng'ombe, ikadutsa imodzi mwana wake ali m'mbuyo. Thirakitala usaikhulupirire, woyendetsa wake samva kanthu. Dzuwa likasuntha pang'ono ankamuimitsa pansi pa msuku, iye n'kumatola masuku, amene kumeneko amati mazhanje, iwo akuikupiza injini ndi katoni.

"Imazizira yokha, Agogo."

"Nawenso unkagona wekha, koma ndinkakukupiza."

Tsiku lotaya oyilo, a Keziya anasuzumira m'beseni n'kuona tizitsulo tonyezimira tikuyandama m'mafuta akuda aja. Anafuula: "Yayamba kudzidya m'mimba! Ndinanena ine!"

"Ndi mano a paubwana amenewo, mayi," anatero a Christmas. "Akuguluka kuti amere enieni."

Lamlungu lina Nobert anakhotera njira yachilendo. Anayenda, kupuma, kuyenda, kupuma, mpaka a Keziya anaona milu ya dothi la mgodi wakale n'kuzindikira kuti afika ku Mhangura, kumene amuna awo anagona zaka makumi awiri zapitazo. Chiwaikire m'manda anali asanapondeko. Anazula udzu pamtumbira ndi manja, Nobert akuwathandiza. Pobwerera sanam'tsine ngakhale kamodzi, koma manja sanawachotse m'nthiti muja.

Chimene chinkawasowetsa mtendere ndi tsiku limene makilomita aja adzakwane. Tsiku limenelo mzere udzakhala penti chabe, iwo adzatsika, ndipo mwanayo adzatsala yekha ndi dzanja lake ndi msewu wa ku Karoi. Ulendo uliwonse ankafunsa, "Atsala angati?"

"Akadalipo ambiri, Agogo."

Mvula inagwa, fodya anaokedwa, mpaka anayamba kuthyola masamba a m'munsi. Tsiku lina anapita kushedi kukalimbitsa tcheni. A Christmas anapukuta galasi ndi chala, n'kuimba mluzu.

"Kodi mukuifungatirabe? Iyitu inakula kalekale. Chikwi chinakwana mvula isanagwe. Apa yatsala pang'ono kukwanitsa chachiwiri."

Nobert anawerama n'kumayang'anitsitsa tcheni ngati muli nkhani. Atafika pakhomo, a Keziya anam'tembenukira.

"Iwe Nobert. Unandinamiza chifukwa sindiwerenga?"

"Ayi, Agogo."

"Nanga?"

Anakanda m'mutu. "Chimwalirire bambo, simunkapitirira pachipata cha famu. Tsopano mukudziwa mitengo yonse ya mazhanje kuchokera kuno mpaka ku Mhangura. Ndikanati akwana, mukanalowanso m'nyumba."

A Keziya anakhala pansi pakhonde. Miyezi yonseyi ankayesa kuti akulera ndi iwo.

"Wabodza iwe," anatero, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ngati agogo ako aamuna."

Loweruka Nobert anali ndi ulendo wa ku Karoi. Anawabweretsera chipewa chija monga mwa masiku onse, koma iwo anachikankha.

"Lero upita wekha. Khanda silikhalira kumsana."

"Zoona, Agogo?"

"Usandifunse kawiri, ndingasinthe. Mchenga wa pamlatho. Ng'ombe. Ndipo malole a pamsewu waukulu uziwapatsa njira yonse, msewu si wa abambo ako."

Anaima pachipata, manja ali kumbuyo, khutu lili kumsewu. Maso sakanathandiza, koma kulira kwa injini imeneyo ankakudziwa ngati chifuwa cha mwana wawo. Inakhota pamabani. Apa ndi pamene anyamata amapenga. Anadikira kuti ikuwe. Siinakuwe. Inangopita ndi mawu ake aja, pena kukwera pang'ono, pena kutsika, mpaka inazimirira kuseri kwa mabulugamu.

Sanachoke pachipatapo. Maidei, mkazi wa nyumba yoyandikana nayo, anawabweretsera mpando, iwo anaukana. Dzuwa litapendeka anaimva ikubwera, fumbi lisanaoneke.

Nobert anatsika akudzisisita m'nthiti za kumanzere.

"Wagwa?" Anali atamugwira kale mkono.

"Ayi. Koma singano ikangoyandikira pofiira, pano pamayamba kuwawa pokha. Mwandiwononga, Agogo."

A Keziya anapenda galasi. Penti inali itayamba kusupuka kumapeto kwake.

"Mawa upite nayo kwa a Christmas akachongenso," anatero. Kenaka anatola chipewa chija pakhonde n'kuchipukuta fumbi. "Ndipo tidzere kuchigayo. Ufa watha."