Sindinaulule Kuti Tawina

Mwamva zimene akunong'onezana pamzere wa mashopu, eti? Akuti ine ndinaulula zotsatira za mpira. Bodza lenileni!

Imani ndikuuzeni. Mu shopu yometera ya amalume anga timasonkhanamo anthu asanu ndi anayi openga ndi mpira wa ku Amerika, uja wa zipewa zolimba ndi mpira wooneka ngati dzira. Timu yathu imasewera ife tili m'tulo, ndiye amalume amajambula masewerowo pa TV, n'kumaonera tonse Lolemba ndikaweruka kusukulu. Lamulo ndi limodzi: osayang'ana zigoli pafoni. Woulula amathamangitsidwa chaka chonse.

Timu yakeyo ndiye yomvetsa chisoni. Masewero khumi, kuluza onse. Koma ife nganganga pambuyo pake.

Lolemba lapitali mnzanga wa m'kalasi anandiika foni pamphuno. "Taona, anthu ako aja awina." Mayo ine! Ine amene nkhani imandiyabwa m'mimba! Koma ndinaluma mlomo. Ndinalowa mu shopu, n'kukhala pabenchi pafupi ndi galasi long'aluka, phee.

"Iwe, wadwala?" anafunsa amalume, makina ometera ali m'manja.

Ndinapukusa mutu.

A Telala, osoka zovala khomo loyandikana, anandiyang'anitsitsa. "Achimwene, mwana uyu chibadwire sanatsekepo pakamwa. Akudziwa kanthu."

"Tikanaluza bwenzi akunyoza kochi," anatero a Batire, okonza mafoni. "Tawina basi!"

Shopu yonse inaphulika. A Batire anavina, kasitomala anadzuka mutu utametedwa theka. TV isanayatsidwe n'komwe! Kenaka chimwemwe chinazilala, maso onse pa ine.

"Watiwonongera kuwina kwathu koyamba," anatero a Telala. "Lamulo ndi lamulo. Tuluka."

"Ndanena chiyani? Tchulani liwu limodzi lomwe ndanena."

"Nkhope yako yanena."

"Ndiye thamangitsani nkhopeyo, ine nditsala."

Amalume anakanda m'mutu. "Mphwanga, ungopita lero lokha, mitima iphwe."

"Ayi amalume, sindisuntha. Amasesa tsitsi muno ndani kuti mukhale pabwino? Anakuphunzitsani ndani kuti mpirawu ukadutsa pakati pa mitengo ndi mapointi atatu? A Telala mpaka lero amafunsa kuti goloboyi ali kuti."

Anthu anafa nalo phwete, a Telala anatupa ngati buledi. Ine ndinakola miyendo kubenchi, manja ndapinda.

"Mukafuna, mundinyamule ndi benchi yomwe."

Palibe anayesa. Amalume anayatsa TV, ndipo ndinakuwa pa chigoli chilichonse mpaka mawu kusasa. A Telala sakundilankhula mpaka pano, ati Lolemba likubwerali pakhale voti yondichotsa. Avote. Ndidzafika woyamba, ndidzakhala pamalo panga pomwepo.

Nanga inuyo mukuona bwanji, munthu n'kumuthamangitsa chifukwa choti kamodzi kokha pamoyo wake anakhala chete?