Moyo wa a Chalo Wafupika

"Mabenchi atatu akwana. Ena aja dzuwa likatere amapemphera ali pa mphasa kwawo," anatero mayi Pitala, mtsogoleri wa amayi a Chigwirizano, akukankha benchi ndi bondo.

Linali Lachinayi masana, mwezi wa Okutobala 1993, ndipo malata a tchalitchi cha ku Pfupajena, m'tauni ya Chegutu, ankathetheka ndi kutentha. Amayi khumi ndi awiri anakhala kutsogolo atavala mabulauzi oyera ndi masiketi akuda. Kumbuyo kwawo kunakhala Netsai Chalo, wogwira ntchito ku fakitale ya nsalu, atavala diresi lamaluwa. Yunifolomu sankaloledwa kuvala chifukwa anabereka mwana asanakwatiwe, koma amayiwo ankamulola kubwera. Malamulo a mpingo ankanena za bulauzi, za benchi sanatchulepo.

Netsai anayamba kubwera zaka ziwiri m'mbuyomo, mtima utayamba kumuthamanga popanda chomupirikitsa. Amati akaima pa makina, manja n'kuyamba kunjenjemera, mpweya n'kuchepa. Ku kiliniki anamupima zonse, namwino n'kumuuza kuti magazi ali bwino, vuto ndi kufungisisa, ndiye kuti kuganiza mopitirira muyezo. Anamupatsa mapiritsi. Mapiritsiwo ankagoneka thupi, maganizo n'kutsala ali maso. Chimene chinkamuthandiza chinali Lachinayi. Amayi a pamenepo anali ndi kachitidwe kawokawo: aliyense ankaimirira n'kutula nkhawa yake imodzi, imodzi yokha, ena onse n'kuyankha kuti, "Tamva, Iyenso wamva." Netsai akamva mawu amenewo mapewa ankatsika, ndipo ankatha kufika Lachiwiri manja asananjenjemere.

Tsiku limenelo m'chikwama mwake munali kalata. Inachokera kwa bambo ake, a Yesaya Chalo, mkulu wa mpingo ku Rimuka, ku Kadoma, ulendo wosakwana ola limodzi pa basi. Zaka zinayi zinali zitadutsa chiwaonereni. Netsai ali ndi pakati, a Chalo anaimirira okha m'tchalitchi kulengeza kuti mwana wawo waimitsidwa kudya Mgonero, ndipo pofika kunyumba anamuuza kuti achoke, adzabwere akadzadziwa chonena. Netsai sanachidziwe chonenacho. Tsopano kalata inati:

"Netsai. Ndadikira zaka zinayi. Moyo wanga wafupika, sindingadikirenso nthawi yaitali. Bwera tidzamalize nkhani ija. Ndine bambo ako, Y. Chalo."

Munthu wokulira ku Dedza, monga a Chalo, kalata yotere sangaiwerenge kawiri. Koma Netsai anabadwira m'komponi ya mgodi ku Chakari. Chichewa ankachimva monga mmene timamvera wailesi ya nyumba yoyandikana nayo, koma kuganiza, kulota ndi kuyankha ankachita m'Chishona. Ndipo m'Chishona moyo ndi mtima. Munthu wa moyo murefu, moyo wautali, ndi woleza mtima. Wa moyo mupfupi ndi wosachedwa kupsa mtima. Netsai anaiwerenga kalatayo kasanu ndi kawiri, ndipo ulendo uliwonse inamuuza chinthu chomwecho: bambo atopa nawe, kuleza mtima kwawathera, ukapita akakumaliza.

Woyamba kutula nkhawa anali mayi Esime, wamasiye wa zaka makumi asanu ndi awiri, amene anakalambira m'minda ya thonje ya azungu koma lilime linakana kukalamba nawo.

"Yanga ndi mpongozi uja. Sadza wake, nsima ya kunoyi, ngati phala la wodwala."

"Imeneyo munatula sabata yatha, amayi," anatero mayi Pitala.

"Ndinatula, koma pofika kunyumba ndinaipeza yandidikira m'mbale."

Amayi anaseka, kenaka anayankha mwaulemu kuti, "Tamva, Iyenso wamva." Wina anatula za mwamuna wake amene anachotsedwa ntchito ku fakitale, wina za mvula. Pomalizira Netsai anaimirira atagwira benchi.

"Ndinamatireiwo baba," anatero m'Chishona, kupempha kuti awapempherere bambo ake. "Moyo wavo urebe." Utalike.

Amayiwo anayang'anizana. Onse ankadziwa kuti a Chalo ali chigonere, chifuwa cha fumbi la mgodi chawagwetsa, chifukwa mlaliki amene ankatumikira ku Rimuka ndi ku Pfupajena anali atawauza. Anaganiza kuti mwana wa munthu sangalephere kudziwa zimene mpingo wonse ukudziwa. Ndiye palibe anafunsa kanthu. Mayi Pitala anatseka maso.

"Ambuye, mtumiki wanu a Chalo mukuwadziwa. Talikitsani moyo wawo. Talikitsani, Atate, kuti mwana uyu adzawaone."

"Ameni!" anatero Netsai mokweza kuposa onse.

Amayi khumi ndi awiri anapempha masiku, mmodzi anapempha kuleza mtima, ndipo onse anatuluka atakhutira kuti agwirizana.

Loweruka lotsatira Netsai anavala bwino, anamusiya Rufaro, mwana wake wa zaka zitatu, kwa mayi wa chipinda choyandikana nacho, n'kupita pa msewu waukulu wa ku Bulawayo. Basi yoyamba inaima, kondakitala akukuwa, "Kadoma, Kwekwe, Gweru!" Netsai anaponda sitepe imodzi, chifuwa chinathina, anatsika. Yachiwiri anangoiyang'ana. Yachitatu itafika anali atayamba kale kubwerera. Panjira anadziuza kuti nzeru ndi kudikira: mapemphero agwire kaye ntchito, mkwiyo uzizire. Lachinayi lachiwiri anatulanso nkhawa yomweyo, amayi anapempheranso chimodzimodzi, ndipo Netsai anagona bwino masiku anayi otsatizana.

Lachinayi lachitatu, mapemphero atatha, mayi Esime anamukokera kuseri kwa tchalitchi kumene kunali mpope. Anamupatsa makapu a tiyi kuti atsuke, iwo n'kukhala pa njerwa.

"Iwe make Rufaro, ku Kadoma anasamutsira ku Joni kodi?"

"Kwete, amayi," anakana Netsai.

"Nanga mabasi anasiya kuyenda? Ife mawondo atha ndi kugwada, iwe phazi silinasunthe. Mulungu timupatse ntchito zonse, ngakhale yokwera basi?"

Netsai anatsuka kapu imodzi kawiri. Anayankha m'Chishona chake, akuponyamo Chichewa apa ndi apo monga mchere.

"Ndikuopa, amayi. Baba simukuwadziwa. Akakwiya salankhula kawiri."

"Akwiya ndani? Yesaya? Mphamvu zokwiyira azitenga kuti?"

"Analemba okha. Ndikudikira kuti mtima ukhale pansi."

"Analemba? Tatiye nayo kuno kalatayo. Ayi, maso anga anatsalira m'thonje, werenga ndiwe. Pang'onopang'ono, usameze mawu ngati ana anzako a m'lokeshoni."

Netsai anapukuta manja pa diresi, anatulutsa kalata imene inali itayamba kung'ambika m'mapindo, n'kuwerenga. Atafika pa mzere wachiwiri mayi Esime anakweza dzanja.

"Bwereza."

"Moyo wanga wafupika."

"Ndiye iwe wamva chiyani pamenepo?"

"Kuti vane moyo mupfupi. Atopa kundipirira."

Mayi Esime anatsitsa dzanja lija. Madzi ankatuluka pa mpope, kudzaza kapu, kusefukira. Atalankhula, mawu awo anali otsika, opanda nthabwala ina iliyonse.

"Mwanawe, gwira apa." Anatenga dzanja la Netsai n'kuliika pa chifuwa chawo. "Ichi chikugundachi kwathu ndi mtima. Moyo ndi masiku amene munthu wapatsidwa. Bambo ako sanakwiye. Bambo ako akufa."

"Vari kurwara?" anafunsa Netsai, kutanthauza kuti, akudwala?

"Mayo ine! Masabata atatu onsewa umati tikupempherera chiyani?"

"Kuti andilezere mtima."

"Ife timati ukudziwa! Timati akukaniza kubwera, ndiye tisakupweteke ndi mafunso." Mayi Esime anamenya ntchafu yawo. "Akuluakulu khumi ndi awiri, tonse makutu gwa, ngati mbuzi. Yesayanso, munthu wamkulu, kulephera kulemba kuti ndikudwala, mawu amodzi okha!"

Kapu inagwa m'manja mwa Netsai koma siinasweke, inali yachitsulo. Anakhala pansi pa matope. Mpweya unayamba kuchepa monga zinkachitikira pa makina, ndipo anatsegula pakamwa ngati nsomba. Mayi Esime anamugwira kumbuyo kwa khosi.

"Puma. Pumanso. Mulungu amamva Chishona ndi Chichewa chomwe, sanasokonezeke ndi Iyeyo, tasokonezeka ndife. Dzuka. Katenge mwana."

"Sindingathe kukwera basi, amayi. Ndinayesa."

"Unayesa wekha. Lero ukwera ndi ine, ndipo ndikhala cha kukhomo."

Mayi Pitala atamva, sananene zambiri. Anaitana amayi amene anali asanachoke, anaimirira mozungulira Netsai pabwalo pomwepo, ndipo pemphero la tsikulo linali lalifupi kuposa onse amene mayi Pitala anapempherapo: "Ambuye, afike." Kenaka anavula nsalu yawo n'kumupatsa Netsai kuti akaberekere mwana.

Basi inanyamuka dzuwa litapendeka. Rufaro anagona pa miyendo ya amake. Netsai ankayang'ana minda youma ndi mitengo ya magetsi ikudutsa, milomo ikuyenda popanda mawu. Ankayeseza Chichewa. Ankafuna kuti akafika anene chiganizo chimodzi chathunthu, chopanda Chishona, ndipo pofika pa mlatho anali atachipeza, koma sanamuuze aliyense. Mayi Esime anali chikhalire cha kukhomo, atavalabe yunifolomu, dzanja lawo lili pa bondo la Netsai njira yonse.

Ku Rimuka anayenda wapansi kuchokera pa siteji. Netsai ankaikumbukira njira: sitolo yapakona, mpope wa anthu onse, mzere wa nyumba zofanana. Pokhota kulowa mu msewu wa kwawo anaona kansalu kofiira, chizindikiro cha maliro kumeneko, katamangidwa pa mtengo wa magetsi. Anaima. Patsogolo pa nyumba yachisanu, sofa ndi kabati zinali panja, amuna atakhala mozungulira chikuni chofuka, ndipo m'nyumba amayi ankaimba motsitsa.

"Tiye," anatero mayi Esime. "Kubwerera kulibe."

Amuna aja anasiya kulankhula pamene ankadutsa. M'chipinda chochezera munalibe mipando, amayi anadzaza pansi atatsamira makoma. Pakona, pa mphasa, panakhala mayi Dyness, amake Netsai, atafunda bulangete ngakhale kunali kotentha. Anachepa thupi. Netsai anagwada patsogolo pawo, mwana ali kumsana, ndipo kulira kumene kunatuluka sikunali kwa chinenero chilichonse. Nyimbo inakwera kuti imuphimbe.

Patapita nthawi mayi Dyness anamudzutsa mutu.

"Atisiya m'mawa uno, tiyi ali pa moto. Thupi lili kuchipatala, libwera mawa."

"Amayi..."

"Adokotala powatulutsa anati sabata siitha. Akhala masabata atatu. Bedi tinachita kulikokera pa zenera, amati akufuna aziona kuchipata." Anapukuta m'maso ndi ngodya ya bulangete. "Kalata sunailandire kodi?"

Mayi Esime anasendera pafupi, atatsegula kale pakamwa. Anali okonzeka kunamizira positi, ndipo aliyense m'chipindamo akanawakhulupirira. Netsai anawagwira mkono.

"Ndinailandira, amayi. Sindinaimve."

Anafotokoza pang'onopang'ono, za moyo ndi mtima, za Loweruka lija pa msewu. Amayi amene anali pafupi anasiya kuimba. Mmodzi, wachitsikana, anagwira pakamwa, chifukwa nayenso akanawerenga chimodzimodzi. Mayi Dyness anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali pa khoma.

"Ndinawauza," anatero. "Ndinati, bambo, ana a masiku ano alembereni m'Chishona, kapena titume munthu. Anakana. Anati, mwana wanga ndi Mchewa, mawu a bambo ake awamva."

Netsai anaweramitsa mutu mpaka chipumi chinagunda mphasa.

"Nkhani ija amafuna timalize, anakuuzani kuti amati anene chiyani?"

"Ndinawafunsa kawiri. Amati ndi mawu a iwe wekha."

"Anali atandikhululukira?"

"Sindikunamiza, mwana wanga, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti dzulo anandiuza ndichape kapu yako ija yabuluu."

Manja a Netsai anayamba kunjenjemera, ndipo ulendo uno sanawabise. Mayi Dyness anamasula nsalu, anamutsitsa Rufaro kumsana kwa amake n'kumukhazika pa miyendo yawo. Mwanayo anawayang'ana agogo ake koyamba, osalira. Pakhomo panali patayamba mzere wa anthu ochokera kuntchito, obwera kudzagwira dzanja anamfedwa monga amachitira kumeneko. Mayi wina wa Chigwirizano cha ku Rimuka ananong'oneza kuti mwina mtsikanayo akhale kaye kuchipinda, anthu angayambe kulankhula.

"Alankhule," anatero mayi Dyness. Anasendera kukhoma n'kusiya malo pa mphasa. "Khala apa, pambali panga. Akubwerawo akupeze."

Netsai anakhala. Mayi Esime anayambitsanso nyimbo ndi mawu awo osasa, ena n'kulandira. Woyamba pa mzere anali mkulu wa mpingo wa imvi, mnzawo wa a Chalo, amene analipo tsiku la chilengezo lija. Anagwira dzanja la mayi Dyness, kenaka anaima pang'ono patsogolo pa Netsai. Netsai anatambasula manja ake onse awiri, akunjenjemera choncho, ndipo mkuluyo anawerama n'kuwagwira.