Kamuvi Kafika Pakati

Galimoto ya a Frackson inali ya dizilo, ndipo pa zaka inawaposa ana onse amene iwo ankawaphunzitsa masamu ku sekondale ku Gaborone. Utsi inkafuka, chitseko chimodzi chinkatsegukira kunja kokha, koma mwini wake ankaitama pa chinthu chimodzi: sinkatentha. Kamuvi kosonyeza kutentha kwa injini kankagona pansi chaka chonse, ngakhale mu Okutobala pamene phula limamata ku nsapato.

"Iyi ndi firiji, abale," ankatero potuluka m'tchalitchi, uku akuisisita pa boneti.

Chimene sankadziwa n'chakuti amene anawagulitsa galimotoyo anali atazulamo themositati, kachitsulo kamene kamatsekereza madzi mpaka injini itafunda bwino. Amakaniko ambiri a kwathu amatero, ati zimenezo n'za kumayiko a chisanu. Ndiye injiniyo inkangoyenda ikunjenjemera, a Frackson n'kumati ndi thanzi.

Loweruka lina apongozi awo, a Nankhoma, ankafika kuchokera ku Dedza pamodzi ndi Taonga, mwana mmodzi yekhayo wa a Frackson. Anamusiya kwa agogo akewo ali ndi zaka ziwiri pamene iwo ndi akazi awo a Agness ankabwera kudzafuna ntchito, ndipo tsopano anali ndi zisanu ndi chimodzi. A Nankhoma anali ataneneratu pa foni kuti akubwera kudzaona ndi maso awo. Akakhutira, mwana atsala. Akapanda kukhutira, abwerera naye, ndipo pa Chichewa mkamwini alibe kokadandaula. A Frackson anali atatopa ndi ubambo wa pa foni. Zinkawapweteka mtima kuti mwana wawo anayamba kuguluka mano iwo akuonera pa chithunzi.

A Agness, pokhala namwino, tsikulo anali pa ntchito mpaka madzulo. Koma Lachinayi anali atapita nayo galimoto kwa Silas, makaniko wa ku Zambia wa galaja ina ku Gaborone West, kuti isakawachititse manyazi. Pobwera anangoti, "Wayikonza," a Frackson osafunsa kuti wakonza chiyani.

Ku basi, Taonga anawayang'ana kaye bambo ake ngati akuwafananiza ndi a pa foni aja, kenako anawathamangira. A Frackson anamukumbatira. Kenako ananjuta patali, maso pansi, napereka moni kwa apongozi. A Nankhoma anali atavala juzi yaubweya ndi mpango, chifukwa mwana wawo Agness anawauzapo mwezi wa Juni kuti ku Botswana kumazizira mpaka madzi kuuma m'mipope, ndipo palibe anakumbukira kuwauza kuti kuzizirako kumatha. Anakhala kumbuyo kwenikweni kwa mpando wa dalaivala kuti maso asakumane. Iwo anali a mwambo wakale: ndi mkamwini sankayankhulana mwachindunji.

"Taonga, awuze abambo ako kuti tayenda bwino."

"Akuti tayenda bwino."

"Uwauze agogo kuti tathokoza."

Msewu wopita ku Mogoditshane unali utadzaza. Makombi onyamula anthu, malole a mchenga, onse akukwawa mphuno ndi mchira. Pa maloboti achiwiri a Frackson anaponya diso pa dashibodi, mtima n'kuti phaa! Kamuvi kaja kanali katadzuka. Kanali katachoka pamene kanagona zaka zinayi, kakukwera mwaulemu koma mosabwerera. Anagogoda galasi ndi chala. Kamuvi kanakwerabe, kanafika pakati, n'kuima.

Posakhalitsa kutsogolo kunamveka chinthu chikuti wuuu, ngati ndege ikufuna kunyamuka. Inali fani. A Frackson anali asanaimvepo chigulireni galimotoyo, pakuti injini yozizira fani ingaipemererenji? Iwo anangoti basi, yapsa, ndipo yasankha lero.

Apa anakumbukira nzeru imene anaimva kwa mphunzitsi mnzawo: injini ikatentha, yatsa hita mpaka kumapeto, kutenthako kuthawire m'kati. Anapotokola zonse. Hita imeneyi, imene m'nyengo yozizira inkangopuma ngati munthu wodwala, lero inapeza mphamvu zake zonse. A Frackson analozetsa timazenera ta mpweya tonse kwa iwo eni, pa chifuwa ndi ku mapazi, kuti mwana asapse. Koma moto suona malire. Mawindo anali otsegula, mphepo panalibe, galimoto zili chiimire.

Mlendo sadandaula m'galimoto ya mkamwini, ndipo apongozi savula juzi pamaso pa mkamwini. A Nankhoma ankangopukuta nkhope ndi nsonga ya mpango.

"Taonga, afunse abambo ako ngati mphepo ya kuno imakhala chonchi masiku onse."

A Frackson, mphunzitsi wa masamu, mkulu wa mpingo, ananama. "Uwauze kuti ndi ya kuchipululu. Imabwera masana."

"Akuti ndi ya kuchipululu."

"Chodabwitsa," anatero a Nankhoma, akuyang'ana kunja. "Chipululu chake chikuchokera kunsi kwa mpando."

Fani inaleka. A Frackson anapuma. Patapita mphindi zitatu inayambanso, iwo n'kutsala pang'ono kulira. Malaya anali atamata kumsana, mapazi akuwotcha m'nsapato za ku tchalitchi. Botolo la madzi limene anali nalo anapatsira Taonga kumbuyo, iwo osalawako. M'mutu mwawo ankangoona basi yobwerera ku Malawi, mwana ali pa windo.

Atafika pafupi ndi malo ena otsukira galimoto, anakhotera pambali n'kuzimitsa injini. Fani inapitiriza kulira. Anazula kiyi, namuyang'ana m'dzanja, nayang'ananso boneti. Galimoto yozima, kiyi ali kunja, chinthu chikuzungulirabe! Mayi wina wogulitsa maswiti pansi pa ambulera anapereka moni wa Chitswana, "Dumela, rra," n'kusendeza tebulo lake patali.

Anaimbira Silas. Foni yawo inali ndi vuto lakuti sinkamveka pokhapokha aitsegule kuti aliyense amve, ndiye aliyense anamva.

"Silas, mwaipanga chiyani galimoto yanga? Ikupsa!"

"Ah, ba Frackson, needle ili pati?"

"Pakati penipeni!"

"Manje vuto ni chani? Ndiye pamene ifunika kunkhala. Diesel ifuna eighty-five, ninety, ndiye isebenza bwino. Ninaikamo thermostat, munalibe. Zaka zonse izi mwenze kuyenda na engine yodwala mphepo."

"Nanga fani? Ikungoyaka n'kuzima. Panopa ndazimitsa galimoto koma ikulirabe!"

"Ndiye nchito yake iyo, boss. Mu traffic iyaka, ikaziziritsa izima. Isiyeni, izaleka yeka. Ngati needle yafika ku red, apo ndiye munitumire foni."

Ali pa foni pomwepo, fani inati zii.

"Olo mwamva? Yaleka. Kuli problem ina?"

"Ndinayatsa hita," anatero a Frackson ndi mawu aang'ono.

"Heater? Mu October? Muli mweka?"

"Ndili ndi apongozi."

Silas anaseka mpaka kutsokomola, kenako anaitana anzake a pagalaja kuti awafotokozere, foni asanadule. A Frackson anaima pa dzuwa, thukuta likutsikira m'makutu. Manyazi anawagwira moti analakalaka nthaka itang'ambika. Anali atawaphika apongozi kwa theka la ola, atawanamiza, ndipo zonsezi pofuna kupulumutsa injini imene sinkadwala. Ndani angasiye mdzukulu wake m'manja mwa munthu wotere?

Anatsegula chitseko chija chotsegukira kunja. A Nankhoma anatuluka pang'onopang'ono, juzi ili chinyowere. Sanapite pamthunzi. Anazungulira kutsogolo, naika chikhatho pa boneti, napendeketsa mutu ngati akumvetsera mwana wogona.

"Taonga, awuze abambo ako kuti ine ndayendetsa chigayo cha dizilo zaka makumi awiri agogo ako aamuna atamwalira. Injini yopsa ndimaimva fungo ndili ku dimba. Iyi ndinaimva tikuchoka pa basi kuti ili bwinobwino."

Taonga anayamba, "Akuti iwo ayendetsa..."

"Ndamva, mwanawe," anatero a Frackson. Kenako, mosayang'ana kumene kunali apongozi, anafunsa chapansipansi, "Nanga bwanji agogo sananene?"

"Awuze kuti mkamwini saphunzitsidwa galimoto yake pa msewu. Komanso ndimafuna ndione kuti moto akauyatsa aulozetsa kwa yani."

A Frackson anayang'ana nsapato zawo. Sanadziwe ngati akuwatsutsa kapena ayi, ndipo analibe mphamvu zofunsa. A Nankhoma anavula mpango, naukamula, madzi n'kudontha pa fumbi. Anamukonza Taonga kolala ya diresi, nthawi yaitali kuposa mmene kolala imafunira, kenako anayankhulanso.

"Awuze abambo ako kuti Lolemba akakufunire malo ku sukulu. Koma tsiku limene udzatenthe thupi, asadzayese nzeru zawo. Adzaitane amayi ako."