Chitini cha Mapichesi Chinali cha Yadolla

Chaka chilichonse, chisanu chikangotha, Firuz ankaitana anzake omwe anamenya nawo nkhondo ya Iraq kuti adzadye kumunda kwake wa zipatso, kunja kwa tauni ya Borujerd. Anatsala amuna asanu ndi mmodzi. Yadolla, mmodzi wa iwo, sankajomba, koma ankapita ngati munthu wokazulitsa dzino. Tsikulo likamayandikira ankapsa mtima ndi chilichonse, ndipo mkazi wake Batul anazolowera kungomuyang'ana.

Chomwe chinkamudya chinali chakalekale. Ali anyamata a zaka makumi awiri, iye ndi Firuz ankagona ngalande imodzi m'madambo a kumwera. Chakudya chotentha chinkafika pokhapokha galimoto ikapeza njira. Masiku ena onse kunali buledi wouma ndi zitini za nyemba, nsomba kapena mabilinganya. Msilikali aliyense anapatsidwa kotsegulira zitini, kachitsulo kochepa ngati chala, ka dzino lopinda. Firuz anamangirira kake pachingwe cha m'khosi. Ka Yadolla kanamira m'matope sabata yoyamba, ndipo kuyambira pomwepo ankadya mnzake akafuna.

Tsiku lina kunabwera makatoni a mphatso zochokera kwa anthu akumudzi. Yadolla chinamugwera chitini cha mapichesi chokulungidwa ndi kapepala. Firuz zinamugwera nyemba.

"Mapichesi sakhutitsa munthu, m'bale wanga," anatero Firuz, akuseweretsa kachitsulo kake. "Tisinthane. Nyembazi ndikutsegulira pompano."

Yadolla anali ndi njala ya masiku awiri, choncho anapereka. Pakapepalapo panali dzina la mtsikana wina wa kwawo komweko, keyala yake, ndi mawu akuti wodya mapichesiwa Mulungu amubweze wamoyo. Firuz anayankha kapepalako. Patatha zaka zitatu, Yadolla anakhala mboni paukwati wa Firuz ndi Shokufe, mtsikana wa kapepala uja. Munda wa zipatsowo unali wa bambo a Shokufe. Yadolla anayendetsa basi ya m'tauni kwa zaka makumi atatu mpaka msana unakana.

Chaka china, tsiku lodyera kumunda lija litafika, anayala makapeti pansi pa mitengo ya zipatso. Panali mpunga wothira zonunkhiritsa za safironi, nyama yowotcha, ndi mkamwini watsopano wa Firuz, yemwe anali asanamvepo nkhani ya chitini chija. Yadolla atangomuona anadziwa kuti lero ilipo.

Sanalakwe. Mbale zitangochoka, Firuz anapisa dzanja m'malaya n'kutulutsa kachitsulo kaja, kakuda ndi ukalamba.

"Ukukaona aka, mwana wanga? Aka ndi ankhoswe anga."

"Wayambapo," anatero Haji Karam, yemwe bomba linamugonthetsa khutu limodzi. "Ndikhale mbali yakufayi kuti ndipume."

Onse anaseka. Anayamba kukumbutsana za nsomba zomwe mafuta ake ankawira okha ndi dzuwa, za mabilinganya omwe ngakhale agalu ankawanunkhiza n'kubwerera, za mkulu wina wa asilikali amene anathyola mpeni wa pamfuti polimbana ndi chitini. Firuz anawadikira athe, kenako anapitiriza.

"Makatoni anali makumi awiri, asilikali mazana. Koma chitini chimenecho chinadutsa manja onsewo n'kudzagwera mwa ine. Mulungu anali atalembapo dzina langa."

Yadolla anayang'ana mitengo yodzaza maluwa, nyumba ya njerwa zofiira, ndi Shokufe akuthira tiyi, tsitsi lake loyera likusuzumira pansi pa mpango. Mawu omwewo anawameza zaka zonsezo. Lero anakana kutsika.

"Bodza," anatero.

"Wati chiyani?" anafunsa Haji Karam, akutembenuza khutu lamoyo.

"Ndati bodza! Chitini chija chinagwera ine. Uyu anandilanda ndi kachitsulo kakeko. Anaona kapepala, anadziwa kuti ndili ndi njala, anandinyengerera ndi nyemba. Firuz, kana pamaso pa Mulungu."

Firuz anaseka, koma nkhope inafiira. "Yadolla, m'bale wanga, nyemba zija unadya mpaka kunyambita chitini. Unadandaula liti?"

"Wadya za ine zaka makumi anayi, ndipo ngakhale dzina langa sulitchula!"

Mkamwini uja anayamba kuyang'anitsitsa maluwa a pakapeti. Shokufe anaika ketulo pansi bwinobwino.

"Bambo Yadolla," anatero mofatsa, "sabata imeneyo ndinakulunga zitini makumi anayi, chilichonse ndi kapepala kake. Anayankha munthu mmodzi yekha. Inu mukanayankha?"

Yadolla ankadziwa yekha kuti nkhondo yonse anawalembera mayi ake makalata awiri okha, ndipo imodzi anachita kumulembera Firuz yemweyo. Koma nsanje ilibe makutu.

"Ndikanayankha!" anakuwa. "Tsiku lomwelo ndikanayankha!"

Atatero m'pamene anakumbukira kuti Batul ali pomwepo. Anali atakhala kumapeto kwa kapeti akusenda lalanje. Sanadzutse mutu. Anamaliza kusenda, anagawa lalanjelo pakati, anapatsa mkazi wa Haji Karam mbali imodzi, n'kupukuta manja.

Yadolla ndi Batul ananyamuka dzuwa likadali pamutu. Firuz anawaperekeza mpaka pachipata, akumugwira Yadolla paphewa n'kumati zatha, ndi ukalamba chabe, koma Yadolla anasasa dzanjalo. M'galimoto anayenda mtunda wautali.

"Ine ndimayesa munda ndi umene umakuwawani," anatero Batul pomaliza, maso ali pawindo. "Zaka zonsezi ndimakumverani chisoni. Ndimati bambo awa akhumbira mitengo ya mnzawo."

"Batul, sindimatanthauza choncho."

"Mwakuwa bwino, aliyense wamva. Ngakhale Haji wamva." Anakonza mpango wake. "Ndiye kuti ine ndine nyemba zija. Chabwino. Munditsitse kwa mchemwali wanga."

Anakhalako masiku asanu ndi anayi. Yadolla anapitako katatu. Kawiri anabwerera pakhomo, mlamu wake akumuuza kuti Batul wagona. Kachitatu Batul anatuluka yekha ndi chikwama chake, n'kunena kuti wabwerera chifukwa maluwa ake afota, osati chifukwa cha munthu. Kunyumba ankamuphikira, ankamukumbutsa mankhwala a msana, koma anasiya kumudikira kuti adyere limodzi.

Chaka chotsatira Firuz anaimba foni monga mwa nthawi zonse, ngati palibe chinachitika. Yadolla anati msana wavuta. Batul anati iye apita, poti Shokufe ndi mnzake ndipo sanamulakwire. Anavala diresi yake yobiriwira n'kukwera takisi.

Yadolla anatsala pakhonde tsiku lonse. Ankawerengera nthawi: pano ayala makapeti, pano mpunga wafika, pano mbale zachoka. Chomwe sankadziwa chinali chakuti Firuz aifotokoza bwanji nkhaniyo tsopano, amutchula kapena ayi, ndipo akamutchula anthu aseka motani. Batul atabwera madzulo anamufunsa.

"Munayenera kupita mukamve nokha," anatero Batul, n'kulowa kukavula nsapato.