Kanjira ka a Lorraine

"Mtsikana uja wavulanso nsapato," anatero a Lorraine akundithirira khofi. "Ndamumva akuzisiya pakhomo. Nyumba ya eni ake, alendo akudya, iye ali pamasokosi ngati ali kuchipinda kwa mayi ake."

Ndinacheuka. Analidi pamasokosi, achikasu, akuyenda pang'onopang'ono pakati pa matebulo, atazolika ngati wataya ndolo. Limeneli linali tsiku lachitatu akuchita zimenezi. Dzina lake anali Noemi Castellanos, wa ku Milwaukee. Ntchito yake inali yokonza m'kati mwa nyumba, kunena kuti khoma ili lipakidwe penti wakuti, tebulo likhale apa, nyale ilendewere apo. Anachita kuitanidwa ndi Curtis Haugen, amene anali atangogula hotelo ya Norland m'tauni mwathu muno mwa Superior. Curtis ankafuna kuti chipinda chodyera chisanduke malo oti anthu a malaputopu azidzagwiriramo ntchito tsiku lonse, uku akugula khofi ndi chakudya.

A Lorraine, malemu akazi anga, anali ataperekera zakudya m'chipinda chimenecho zaka makumi atatu ndi zinayi. Ine nditapuma ntchito ya kudoko ndinkakhala patebulo la pakona m'mawa uliwonse, kapu imodzi mpaka dzuwa kukwera. Ndiye zambiri zimene ndikulembazi ndinaziona ndekha. Zinazo anandiuza eni ake kunyumba.

Panali chinthu chimene tinkachidziwa awiri basi. Shuga anali atawadya maso a Lorraine. Sikuti anali akhungu ayi. Kuwala ankakuona, munthu ankamuona ngati chithunzithunzi, koma m'mphepete mwa tebulo, kapena pamene khofi wafika m'kapu, zimenezo zinali zitapita. Chipindacho ankachiyenda ndi mapazi. Kuchokera pachitseko cha kukhichini kukafika pawindo lalikulu, matabwa apansi anali atadyeka, atakumbika pang'ono ngati mpita wa mbewa, ndipo iwo ankavala dala nsapato zopyapyala kuti azimva kanjirako. Tebulo lililonse ankadziwa kuti lili pati kuchokera pakanjirako. Palibe amene anaganizirapo kanthu.

Tsono Curtis anali atasonkhanitsa antchito akale n'kuwauza poyera kuti, "Tikadzatsegulanso ndidzakuyesani mwezi umodzi. Wotha kuthamanga ndi malo atsopano adzatsala. Wolephera tidzamuthokoza bwinobwino."

Tsiku limenelo a Lorraine anafika kunyumba osavula ndi jasi lomwe, anangokhala pampando.

"Akangosuntha matebulo aja, Eugene, ine ndatha. Ndizidzangokhala pano kumvera inu mukutsokomola."

"Kutsokomola kwanga kwalakwa chiyani?"

"Ndakumva zaka makumi atatu. Kulibe nkhani yatsopano."

Lolemba lotsatira Noemi anabwera ndi pulani yake. Pakati pa chipinda anajambulapo tebulo limodzi lalitali, la anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi, masoketi a magetsi m'mbali monse. Curtis analikonda ngati mwana woyamba. Koma Noemi sankakhulupirira pepala. Asanaitanitse chilichonse ankayamba wayesa kaye. Ndiye analumikiza matebulo akale anayi, mopingasa, kuti aone mmene zikhalire. Matebulowo anadula kanjira kaja pakati penipeni.

A Lorraine anali atauzidwa, anali atapapasanso ndi manja m'mawa. Koma anthu atachuluka, mapazi anachita zimene anazolowera. Anatuluka kukhichini ndi thileyi, mazira, buledi wowotcha, makapu atatu, liwiro lawo la masiku onse. Ndinafuna kukuwa, koma anali atandilumbiritsa kuti ndisadzawachenjeze pagulu. Ntchafu inagunda ngodya ya tebulo. Khofi yense anathera papulani ya Noemi ndi pathalauza la Curtis.

"Mayi Lorraine!" Curtis analumpha. "Tebulo lonseli osaliona? Lalikulu ngati sitima ya padoko!"

"Ndaliona, bwana. Ilo ndi limene silinandione."

Anthu anaseka. Curtis anasekako pang'ono akudzipukuta, koma anawayang'ana nthawi yaitali.

"Mwezi uja sunayambe, mayi," anatero, "koma ine ndayamba kale kuona."

Noemi anangotola pulani yake yonyowayo n'kukaiyanika pawindo. Masana, anthu atatha, a Lorraine akukulunga mafoloko m'mapepala, iye anabwera n'kukhala nawo pafupi. Ine tsikulo sindinapite kunyumba, mtima sunandilole.

"Mayi, pepani. Ndakupwetekani ndine."

"Iwe mwana, unandikankha?"

"Ndinatseka njira yanu. Ndinaimva ndi mapazi tsiku loyamba lomwe, koma ndinati ndi matabwa okalamba chabe, ofunika kupala. Lero ndi pamene ndadziwa kuti ili ndi mwini wake."

Manja a Lorraine anaima. "Ukufuna kunena chiyani?"

"Za maso anu sindikufunsa, si ntchito yanga. Ntchito yanga ndi chipinda chino. Ndiyendetseni."

Noemi anabweza matebulo m'malo mwake, anavula nsapato, anatsinzina, n'kugwira chingwe cha epuloni ya a Lorraine kumbuyo. A Lorraine anaima kaye. Kenako ananyamuka.

"Apa thabwa limalira, ndiye ndimadziwa kuti tebulo la pakona lili kumanja, kumene kumakhala nkhalamba yosagula kanthu ija. Apa pamayamba kuzizira, windo layandikira. Usakoke epuloni, si mchira wa ng'ombe."

Anayenda katatu, Noemi ali chitsinzinire. Atatsegula maso anatola kapu imodzi. Makapu a pa Norland anali abulauni, kunja ndi m'kati momwe.

"Awa mumadziwa bwanji kuti adzaza?"

"Ndimamvera kulira kwake."

"Nanga atakhala oyera m'kati?"

A Lorraine anati, motsitsa mawu, "Oyera ndikhoza kuona." Anatambasula dzanja n'kumugwira mkono. "Koma ukamuuza Curtis, ndidzakuthira khofi m'masokosi achikasuwo."

"Sindimuuza. Imeneyo ndi nkhani yanu."

Lachinayi Noemi anabwera ndi pulani ina. Ine ndinali pakona panga, nyuzipepala kumaso, makutu onse kwa iwo.

"Tebulo langa walidula pakati?" anatero Curtis.

"Awiri, lililonse la anthu asanu ndi atatu."

"Ndipo kapeti paliponse, koma pakatipa tisiye matabwa akalewa? Okumbikawa? Noemi, anthu adzati zinatithera panjira!"

"Vulani nsapato, a Haugen."

"Wati chiyani?"

"Vulani. Masokosi obooka ndawaonapo ambiri, anuwo sangandidzidzimutse."

Anavula. Sokosi inalidi yobooka, chala chachikulu chili pamtunda. Anayenda pakanjirako monyinyirika, kupita ndi kubwera.

"Mukumva?" anatero Noemi. "Ine ndabwera ndi tepi yanga yoyezera masiku owerengeka. Apa anthu ayeza ndi mapazi zaka ndi zaka. Iyi ndi njira imene khofi amafika akadali wotentha, osagunda chigongono cha munthu. Mukaitseka, woperekera zakudya azizungulira kumbuyo kwa anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi, thileyi ili pamwamba pa malaputopu awo. Lolemba linali thalauza lanu. Tsiku lina idzakhala kompyuta ya mlendo."

Zonse zimene ananenazo zinali zoona. Bodza panalibe ngakhale limodzi. Anangosiya chimodzi chimene sichinali chake.

"Pulani yoyamba ija unajambula ndiwe," anatero Curtis. "Nanga ndikati ndikufuna yomweyo?"

"Nyumba ndi yanu. Koma mukapeze wina woimalizitsa. Ine ndinalakwitsa, ndipo sindingaike dzina langa pa chinthu chimene ndikudziwa kuti n'cholakwika."

Ananena mofatsa. Tinadzamva pambuyo pake kuti imeneyi inali ntchito yake yoyamba yaikulu chichokereni pakampani imene inamuphunzitsa. Ikanamupulumuka, sakanapeza ina msanga.

Curtis anaima pamenepo, nsapato imodzi m'manja, akuyang'ana pansi.

"Ndiwe wamakani ngati apongozi anga."

"Ndiye kuti muli ndi apongozi anzeru."

"Dula tebulolo," anatero Curtis. "Koma za sokosiyi usakauze munthu."

Chipindacho anachitseka milungu isanu ndi umodzi. Masiku ena Noemi ankabwera ndi galimoto yake kudzawatenga a Lorraine, akuti akufuna munthu wodziwa chipindacho. Amisiri ankangoona mayi wachikulire akuyendayenda, akutsutsa chilichonse. Matebulo anabwera oyera, koma m'mphepete mwake muli mzere wakuda wokhuthala. Chitseko cha kukhichini anachipaka chofiira kwambiri pakhoma loyera. Nyale anazindandalika pamwamba pa kanjirako, mzere umodzi mpaka pawindo. Masoketi anawachotsa m'mbali n'kuwaika pakati pa tebulo, kuti zingwe zisamalendewere pansi n'kukola munthu mwendo. Pangodya ya tebulo lililonse anakhomerapo timisomali ta mkuwa, loyamba kamodzi, lachiwiri tiwiri, choncho choncho. Kwa ena kunali kukongoletsa. Kalipentala wina atafuna kukhoma thabwa lolira lija, Noemi anathamanga kuchokera kukhichini.

"Achimwene, lisiyeni limenelo!"

"Likulira, achemwali."

"Lili pantchito."

Tsiku lotsegulira munadzaza. Achinyamata ndi malaputopu awo, akuluakulu a m'tauni, ndi ife a masiku onse amene tinangobwera kudzaona ngati atiwonongera malo. Sanawononge. Chipinda chinawala, phokoso linachepa chifukwa cha kapeti, ndipo pakatipo panadutsa matabwa akale aja, atawapaka mafuta, akunyezimira ngati uchi.

Chitseko chofiira chinatseguka. A Lorraine anatuluka ndi thileyi, makapu oyera asanu. Ndinaona phazi lawo likufufuza, lakhudza m'mphepete mwa kapeti, labwerera pathabwa. Kenako anayenda. Osati kuyenda kwa munthu wamantha ayi, kuyenda kwawo kuja kumene ndinakuona koyamba ndili mnyamata wa padoko wofuna mazira awiri. Chala chinakhudza timisomali titatu, makapu anatera, khofi anathiridwa mpaka pamene amayenera kufika. Noemi anali ataima pakhoma, nsapato atavala tsikulo, akuluma mlomo.

Chapafupi ndi ine Curtis ankauza alendo ake kuti, "Matabwa awa ndinaumirira ndine kuti asachotsedwe. Mbiri ya nyumba imeneyi."

Noemi anamva. Anangokweza kapu yake n'kumwa.

Mwezi woyesedwa uja unatha popanda kapu yogwa. Ine ndinati basi, tapulumuka, nkhani yatha. Koma m'mawa wa tsiku lomaliza a Lorraine akumanga nsapato anati, "Lero ndimuuza."

"Mwapenga? Mwawoloka kale!"

"Mwana uja anaika ntchito yake pamoto chifukwa cha ine, osanama ngakhale kamodzi. Ine mayi wamkulu ndizibisala kumbuyo kwake? Akandichotsa andichotse akudziwa amene akumuchotsa."

Anamuuza masana, anthu atachepa, ataima pakanjira pawo pomwepo. Sanazungulire. Anati, "Bwana, ine maso anatha. Papita zaka zitatu. Nkhope yanu sindinaionepo bwinobwino, ndimangomva kuti si yoipa kwenikweni."

Curtis sanaseke. Anayang'ana chitseko chofiira. Anayang'ana nyale. Anapita patebulo n'kusisita timisomali tija ndi chala, kenako anatola kapu n'kusuzumira m'kati.

"Ndiye zonsezi..."

"Zonsezo."

"Ndipo Noemi ankadziwa."

"Sanakunamizeni. Khofi akufikadi wotentha."

Ine ndinayamba kufunafuna chipewa changa, kuti tizipita. Kenako Curtis anafunsa, "Mwezi uno mwataya makapu angati, mayi?"

"Palibe."

"Ine awiri, ndi maso anga onse. Mawa sikisi koloko, monga mwa masiku onse. Ndipo chikasuntha chilichonse muno, ngakhale mpando, woyamba kuuzidwa ndinu."

A Lorraine anagwira ntchito zaka zina zitatu. Anasiya okha, miyendo itayamba kukana, osati maso. Anatisiya chaka chatha, mwezi wa Malichi, chisanu chisanathe. Noemi anayendetsa galimoto kuchokera ku Milwaukee kudzakhala nafe pamaliro, ngakhale kuti tsopano ndi munthu wotanganidwa, wokonza mahotelo akuluakulu. Titachoka kumanda anandipempha kuti tidzere ku Norland. Atafika pakhomo anavula nsapato. Sanalowe msanga.

Ine ndimapitabe m'mawa uliwonse. Achinyamata a malaputopu aja ambiri a iwo sanawadziwe a Lorraine, koma ukafunsa kuti shuga ali kuti amakuuza kuti, "Tsatani kanjira ka a Lorraine, agogo." Ndikalowa ndimayang'ana kaye ngati palibe wonyamula thileyi, kenako ndimatsinzina. Mapazi anga ndi aakulu kuposa awo, nsapato zanga n'zokhuthala, koma kukumbikako kumamveka ndithu. Ndimayenda mpaka thabwa lija litalira, ndiye ndimakhotera kumanja.